Singano Ikabaya Woyeza Magazi

M'mawa uliwonse, maminibasi asanathe kutsitsa anthu pa Ginnery Corner, magazi a anthu a mu Blantyre amakhala atayamba kale ulendo wao. Ena amatengedwa m'mawodi a chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene tonsefe timangochitcha Gulupu. Ena pa zipatala zazing'ono za ku Ndirande, Bangwe, Zingwangwa, Chilomoni ndi Limbe. Enanso ku Mlambe ndi ku Nguludi. Onsewo amakathera ku labotale, chipinda chimene odwala ambiri amangochidziwira pazenera. Wodwala amapereka kapepala kake, natambasula mkono, nayang'ana kumbali kuti asaone singano ikulowa. Kwa iye kuwawako n'kwa kamphindi chabe. Koma munthu wa chikhoti choyera amene wagwira mkonowo amagwira singano zotere makumi angapo dzuwa lisanalowe, ndipo iriyonse imatuluka mumtsempha itanyamula zinthu zimene mwini magaziyo mwina sakuzidziwa nkomwe. Ndafuna kuti mwezi uno tiganizirepo za munthu ameneyu ndi singano yakeyo, chifukwa ndaona kuti ngozi ikamgwera, iye ndi ife abale ake timaopa kwambiri chimene sichichitika kawirikawiri, timanyozera chimene chiri pafupi, ndipo timakhala chete pa maola amene kuyankhula kukadapulumutsa moyo.

Ine ndidayamba ntchito yoyeza magazi dzina la Edzi lisanamveke m'dziko muno. Masiku amenewo masirinji anali agalasi, ndipo tinkawawiritsa pamoto pamodzi ndi singano zake ndi kuzigwiritsanso ntchito mpaka zitabuntha. Magolovesi anali a madokotala ochita opaleshoni. Munthu akabayidwa ndi singano ankangoyamwa chala monga achitira mlimi wolasidwa ndi minga kumunda, napitiriza ntchito, ndipo panalibe buku lolembamo zotere chifukwa panalibe woziyesa ngozi. Zinthu zidasintha mofulumira. M'chaka cha 1984 magazini ya madokotala ya The Lancet idalemba za namwino wina ku England amene adatenga kachirombo koyambitsa Edzi atabayidwa ndi singano yochokera kwa wodwala. Chaka chotsatira, 1985, matendawa adatsimikizika koyamba m'Malawi. Mwa amayi oyembekezera amene ankayezedwa ku sikelo ya ku Gulupu, kachiromboka kankapezeka mwa 2 pa 100 alionse mu 1985. Pofika mu 1996 adali pafupifupi 33 pa 100. Inu awerengi tangoganizani munthu amene wakhala patebulo pali mabotolo a magazi ndandanda, akudziwa kuti botolo limodzi mwa atatu alionse muli imfa imene pa nthawiyo idalibe mankhwala.

Wina angafunse kuti, kodi munthu wophunzira bwino ntchito yake angabayidwe bwanji? Komatu singano sidziwa satifiketi. Ambiri amabayidwa pobwezera chivindikiro pa singano ndi manja awiri: dzanja lamanzere lagwira chivindikiro, lamanja likulunjika, ndipo kuphonya pang'ono ngati ulusi n'kokwanira. N'chifukwa chake lamulo loyamba la ntchitoyi lero ndi lakuti singano yogwiritsidwa kale ntchito isavindikiridwenso, iponyedwe m'bokosi lake nthawi yomweyo. Ena amabayidwa mwana wodwala malungo akamapalapata m'manja mwa amake. Ena amachekedwa ndi kagalasi kopakapo magazi, kapena ndi kapaipi kagalasi koonda ngati udzu kamene kamathyoka kakakanikizidwa. Bokosi lachikasu lotayamo singano liyenera kutsekedwa likangodzaza magawo atatu mwa anayi, koma latsopano likachedwa kubwera anthu amakankhiramo zina, ndipo singano zam'katimo zimayang'ana kumwamba kudikira chala. Onjezanipo magetsi ozima mwadzidzidzi, mzere wa odwala wofika panja, ndi maso otopa a munthu amene wachezera usiku wonse, mudzaona kuti chodabwitsa si kubayidwa koma kutha chaka osabayidwa.

Zaka zoyambirira za m'ma 1990, mnzanga wina amene tinkagwira naye ntchito pa chipatala china adabayidwa pachala chachikulu ndi singano imene idangotuluka kumene mumtsempha wa wodwala wofooka kwambiri. Wodwalayo adamwalira sabata yomweyo, ndipo magazi ake adaonetsa kuti adali ndi kachirombo. Mankhwala oteteza kudalibe. Chimene mnzangayo akadachita ndi kudikira basi. Adasamuka kuchipinda nayamba kugona pamkeka pabalaza, nauza mkazi wake kuti msana ukumpweteka. Sabata zitapita, mayiyo adayamba kuganiza kuti pali mkazi wina. Nkhani idafika kwa alongo ake, ndipo ankhoswe adaitanidwa kuchokera ku Chiradzulu. Pamaso pa ankhoswewo ndi pamene mwamunayo adaulula, misozi iri chuchuchu, chimene chidamchotsa pabedi. Kuntchito tinkamuona akudzigwiragwira m'khosi kufufuza zotupa, ndipo kachifuwa kalikonse ka m'nyengo yozizira ankakayesa chiyambi cha mapeto. Patatha miyezi 6 magazi ake adapezeka opanda kachirombo. Adapulumuka ndithu, koma miyezi imeneyo palibe adambwezera, ndipo banja lake lidatsala pang'ono kupasuka chifukwa cha kabala kosafika ngakhale kukula kwa njere ya mawere.

Tsono tiyeni tione manambala, pakuti mantha osadziwa muyeso wake amatalika ngati chithunzithunzi cha madzulo. Madokotala a maiko osiyanasiyana adatsatira anthu zikwi zingapo amene adabayidwa ndi singano zokhala ndi magazi a munthu wa HIV, ndipo adapeza kuti mwa anthu 1,000 otere, otenga kachirombo amakhala ngati 3. Magazi akagwera m'maso kapena m'kamwa, ngoziyo imatsika kufika pa munthu ngati mmodzi mwa 1,000. Akagwera pakhungu lopanda bala, palibe chodetsa nkhawa kupatula kusamba. Mnzanga uja akadamva zimenezi mwina akadagonako tulo. Komabe sindifuna kuti nambala itipusitse, chifukwa kubayidwa sikufanana. Kafukufuku amene bungwe la CDC la ku America lidachita mothandizana ndi madokotala a ku France, Britain ndi Italy, nafalitsidwa mu 1997, adaonetsa zinthu zinayi zimene zimakweza ngozi: bala lozama, magazi ooneka ndi maso pa singano, singano imene idalowa mumtsempha wa wodwala, ndiponso wodwala amene matenda amfikitsa pafupi ndi imfa, popeza magazi ake mumakhala tizirombo tochuluka. Mnzanga uja zambiri mwa izi zidamkhudza. Singano ya mphako, yokokera magazi, imanyamula ochuluka kuposa kalumo kobayira chala poyeza malungo, ndipo golovesi, ngakhale siletsa kubayidwa, imapukutako magazi ena singano isanafike pakhungu. Kafukufuku yemweyo adapezanso chinthu chimene chidasintha mbiri ya ngozi imeneyi: amene adamwa mankhwala a AZT atangobayidwa, ngozi yao idatsika ndi magawo pafupifupi 80 pa 100.

Masiku ano zinthu zapepukako kwambiri. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2020 ndi 2021 adapeza kachirombo ka HIV mwa akulu pafupifupi 9 pa 100 alionse, ndipo ambiri mwa iwo adali pa ma ARV amene boma lidayamba kupereka mwaulere mu 2004. Munthu womwa mankhwalawa mokhulupirika, tizirombo timachepa kwambiri m'magazi ake, ndipo singano yochokera kwa iye siopsa monga ya wodwala wa mnzanga uja. Tingokumbukira kuti ku labotale sikupita magazi a anthu oyenda mumsewu wa Victoria ali bwinobwino. Kumapita magazi a odwala, ndipo pakati pao pali amene sadayezetsepo ndi amene adaleka mankhwala.

Koma pali mdani wina amene satchulidwa kawirikawiri pa wailesi kapena pamaliro, ndipo pa nkhani ya singano ndiye wamkulu. Ndikunena matenda otupa chiwindi a mtundu wa B, amene achipatala amati hepatitis B. Munthu wosalandira katemera akabayidwa ndi singano ya magazi okhala ndi kachirombo kameneka, ngozi yake siwerengedwa pa 1,000 ai, koma pa 100: kuyambira anthu 6 mpaka 30 pa 100 alionse amadwala, malinga ndi kuchuluka kwa tizirombo m'magaziwo. Kunena kwina, pamene HIV ikugwira atatu, iko kangathe kugwira mazana atatu. N'kolimbanso modabwitsa, pakuti kamatha kukhala ndi moyo masiku 7 kapena kupitirira m'magazi ouma patebulo kapena pa singano yotayidwa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidawerengera kuti m'chaka cha 2000 chokha, ogwira ntchito zachipatala amene adatenga HIV chifukwa cha zobaya ndi zocheka adali ngati 1,000, pamene amene adatenga hepatitis B adali ngati 66,000. Zoona, munthu wamkulu akatenga matendawa nthawi zambiri thupi lake limawagonjetsa lokha, mwina atadwala chikasu kwa sabata zingapo. Koma ena chiwindi chimalephera msanga, ndipo ena ochepa kachirombo kamakhalira m'thupi mwakachetechete zaka zambiri, kukuta chiwindi mpaka chitauma kapena kugwidwa ndi khansa. Ambiri a ife tidaonapo munthu wa mimba yotupa ndi maso achikasu, anthu nkumanong'onezana za kachasu kapena za ufiti, pamene mwina mwiniyo sadalaweko dontho la mowa.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti mdani ameneyu ndiye wosavuta kumtchinga. Katemera wake alipo kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo kwa munthu wamkulu ndi jekeseni zitatu zokha: lero, pakatha mwezi, ndi pakatha miyezi 6. M'Malawi katemerayu adalowa m'gulu la akatemera a ana a ku sikelo mu 2002. Phindu lake laoneka pakhomo pathu pomwe pano. Kafukufuku amene adachitika ku Ndirande nafalitsidwa mu 2022 adapeza kachiromboka mwa akulu 5 pa 100 alionse, pamene mwa ana obadwa katemera atayamba, sikadafike ngakhale pa mmodzi mwa 100. Tanthauzo lake n'lakuti ena mwa achinyamata amene akutsiriza maphunziro a ntchitoyi ku Kamuzu University of Health Sciences kapena ku Malamulo adatetezedwa ali pamsana pa amao, koma aliyense wobadwa chisanafike chaka cha 2002 alibe chitetezo cha katemera pokhapokha ngati adabayitsa atakula. M'gulu limeneli muli ambiri a anamwino, azamba, oyeza magazi, ochapa ndi osesa amene akutitumikira lero. Kwa ine, kumpatsa munthu ntchito yogwira singano usanampatse katemerayu kuli ngati kumtuma kukafula njuchi masana wopanda muuni. Ndipo katemera ameneyu asamathere pa ovala zoyera okha. Wonyamula zinyalala amakumana ndi singano zambiri kuposa dokotala wamkulu.

Mtundu wina wa matenda a chiwindi, wa C, umagwira anthu ngati 2 pa 100 obayidwa ndi singano yokhala nao. Ulibe katemera, koma tsopano uli ndi mankhwala ochiza m'miyezi itatu. Malungo nawonso, ndi chindoko, ndi kaodzera, zidalembedwapo kuti zidadutsira pa singano. Ngozi yotere ndi yakale ngati ntchito yachipatala imene. Ku Vienna mu 1847 dokotala Jakob Kolletschka adamwalira atachekedwa ndi mpeni wa wophunzira wake poyeza mtembo, ndipo imfa yake ndi imene idatsegula maso a mnzake Ignaz Semmelweis kuti manja a madokotala amanyamula matenda. Ku Porton Down, ku England, mu 1976 Geoffrey Platt adabayidwa chala chachikulu kudzera m'golovesi akugwira ntchito ndi kachirombo ka Ebola. Atavula golovesiyo sadaone bala kapena magazi, komabe patatha masiku 6 adadwala, ndipo adachira atasamalidwa payekha m'chipatala ku London. Nkhani yake ndimaikumbukira ndikamva munthu akunena kuti, "Sizidatuluke magazi, ndiye palibe kanthu."

Nanga wobayidwa achite chiyani? Choyamba asiye ntchito nthawi yomweyo, ngakhale mzere utalike bwanji, apite pampopi akasambe balalo ndi sopo ndi madzi oyenda. Magazi atuluke okha. Kufinya mwamphamvu kapena kuyamwa, monga timachitira ndi minga kapena monga akale ankachitira ndi bala la njoka, sikuchotsa kachirombo. Kumangotupitsa mnofu ndi kutengera magaziwo m'kamwa. Kuthirapo Jik nakonso n'kulakwa, chifukwa amaotcha khungu nakulitsa khomo limene tikufuna kutseka. Ngati magazi agwera m'maso, atsukidwe ndi madzi oyera ambiri. Zonsezi ndi za mphindi zochepa. Chachiwiri, chimene chiri chovuta koposa, ndicho kutsegula pakamwa ndi kuuza woyang'anira kuti, "Ndabayidwa."

Kufulumiraku kuli ndi chifukwa chake. Kachirombo ka HIV kakalowa sikafalikira thupi lonse tsiku lomwelo. Kamayamba kakhala pafupi ndi bala, kenaka kamapita ku tinthu tija timatupa m'khwapa kapena m'mphechepeche tikamati munthu ali ndi mwanabere, ndipo pambuyo pake ndi pamene kamalowa m'magazi. Mankhwala oteteza, amene achipatala amawatcha PEP, ndi ma ARV omwewo, ndipo ntchito yao ndi kuzima motowo ukadali pa chiputu chimodzi usanalowe m'tchire. Ayenera kuyambidwa m'maola oyambirira, ndipo pakapita maola 72 sathandizanso. Anthu ambiri amamva nambala 72 nayesa kuti apatsidwa masiku atatu oganizira. Si choncho ai. Amenewo ndi malire otsiriza, ndipo ola lirilonse lodikira mphamvu ya mankhwala ikucheperachepera. Wobayidwa Lachisanu madzulo amene akuti adikire bwana abwere Lolemba, amafika Lolembalo atataya maola onse abwino. Ngati pamalo pake pantchito palibe mankhwalawa, akwere minibasi apite pa chipatala cha boma chopereka ma ARV, usiku kapena Lamulungu. Mankhwalawa amamwedwa masiku 28 osadumphitsa. Kale adali owawitsa moyo: AZT ankachititsa mseru ndi kufooketsa, ndipo ena amene adabwera pambuyo pake ankazunguza mutu ndi kulotetsa maloto oopsa, kotero kuti ambiri ankalekera panjira. Kuyambira mu 2019 dziko lathu lidayamba kugwiritsa ntchito mankhwala okhala ndi dolutegravir, piritsi limodzi patsiku, ndipo ambiri amawamwa popanda vuto lalikulu. Amene sadalandire katemera wa chiwindi ayambenso katemerayo tsiku lomwelo, chifukwa ngakhale munthu atabayidwa kale, katemera wofulumira amatetezabe.

Zonsezi n'zodziwika, zidalembedwa, ndipo m'malabotale ambiri zidamatidwa pakhoma. Nanga n'chifukwa chiyani anthu amakhalabe chete? Ku Gulupu ndondomeko yopereka PEP kwa ogwira ntchito idayamba mu 2003, ndipo madokotala ake atapenda mmene idayendera, adalemba mu 2007 kuti amene adabwera kudzafuna chithandizo adali ochepa kwambiri, makamaka anamwino, ngakhale kuti ambiri a iwo pofunsidwa adavomera kuti adabayidwapo. Ndimawayamikira madokotala amenewo chifukwa cholemba poyera chinthu chimene chimachitika m'zipatala za maiko onse. Chifukwa chachikulu cha chete ameneyu, monga ndidaonera ine, n'chakuti wobayidwa asanapatsidwe mankhwala ayenera kuyamba wayezedwa iye mwini. Pali nzeru pamenepa: ngati ali kale ndi kachirombo, chimene akufunika si mankhwala a mwezi umodzi koma a moyo wonse. Koma taganizani munthu amene amayeza anzake tsiku ndi tsiku, iye osadziyezapo, ndipo woti amuyeze ndi mnzake wa tebulo limodzi amene amadya naye nsima masana. Wina amaopa kutchedwa wosasamala. Wina amaopa kuti botolo la ma ARV likaoneka kunyumba, mwamuna kapena mkazi wake sadzakhulupirira nkhani ya singano. Ndipo ife oyandikana nao sitiri osalakwa, pakuti tikaona munthu pamzere wa mankhwala amenewa timathamangira kumlembera mbiri ya moyo wake tisanamfunse. Akuluakulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna, koma nthawi zina amene atseka unawo ndi malilime athu.

Chete woopsa koposa ndi wa anthu a pansi. Nditapuma pantchito ndidathandizako zaka zingapo pa kachipatala kena ka munthu payekha mumzinda muno. Tsiku lina m'mawa ndidaona mayi wosesa, wamasiye wolera ana anayi, akukolopa ndi dzanja limodzi, linalo atalikulunga kansanza.

"Mayi, dzanjalo latani?" ndidafunsa.

"Palibe kanthu, adokotala," adayankha akuyang'ana pansi. Kwa iwo aliyense wa chikhoti choyera ndi dokotala, ndipo ndidaleka kale kuwakonza.

"Tamasulani ndione."

Padali kabala kofiira pachikhatho. Dzulo lake madzulo, ponyamula thumba la zinyalala kupita kung'anjo, singano imene wina adaitaya m'thumbamo m'malo mwa m'bokosi idaboola pulasitiki niwalasa. Ndidawafunsa chifukwa chimene sadanenere.

"Bambo, ine ntchito yanga ndi ya pakamwa chabe, palibe chimene tidalemberana. Ndikanena adzati ndine wosasamala. Akandichotsa, ana adya chiyani?"

Mau amenewo adandikhalitsa pansi. Mayiwa sadaphunzitsidwepo za PEP, chifukwa maphunziro otere amaitanira ovala zoyera. Chikalata cha pakhoma chidali m'Chingerezi. Singanoyo idali yosadziwika mwini wake, kotero panalibe wodwala woti tikampemphe kuyeza magazi ake, monga zimachitikira pamene mwini magazi akudziwika. Pakuti iye akalola napezeka wopanda kachirombo, wobayidwa amamasuka tsiku lomwelo. Ndikuti akalola, chifukwa wodwalayo nayenso ali ndi ufulu wake, ndipo sayenera kuyezedwa mobisa. Tidawerenga maola: adali atapita 16. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, koma pano woti atsegule adali ndi mantha, choncho tidapita tonse kwa woyang'anira. Ndidaumirira kuti ngoziyo ilembedwe m'buku, tsiku ndi ola lake, ndipo ndidawafotokozera mayiwo kuti kulembako si kuwaimba mlandu. Dziko lathu liri ndi lamulo la chipukuta misozi kwa ovulala pantchito, Workers' Compensation Act ya mu 2000, koma munthu wodwala patapita miyezi angatsimikize bwanji kuti matenda adawatenga pantchito ngati palibe cholembedwa, ndiponso ngati palibe umboni wakuti tsiku la ngoziyo magazi ake adali bwino? Kuyezedwa koyamba kuja, kumene ambiri amakuthawa, ndiko mboni yao.

Asanakwane masana adali atameza piritsi loyamba ndi kubayidwa katemera woyamba wa chiwindi. Sabata yoyamba adadandaula mutu ndi kusowa tulo, ndipo tsiku lina adandiuza kuti mwana wao wamkulu wapeza botolo m'chikwama nawafunsa mafunso olasa mtima. Tidamuitana mnyamatayo, ndipo namwino adamuonetsa buku lija ndi dzina la amake m'menemo. Mayiwo adalangizidwa kuti asapereke magazi kwa wina aliyense kufikira atayezedwa komaliza, ndi kuti akaona chikasu m'maso, malungo kapena zotupa abwere msanga. Kwa amene ali pabanja pamakhalanso uphungu wa mmene angatetezere mnzao pa miyezi yodikirayo, ndipo uphungu umenewo umayenda bwino awiriwo akaumvera pamodzi, osati wina kusamukira pamkeka monga adachitira mnzanga wakale uja. Mayiwo adamaliza masiku 28 onse, akudula mzere pa kalendala ya pakhoma la labotale m'mawa uliwonse. Patatha miyezi itatu magazi ao adapezeka opanda HIV, ndipo jekeseni yachitatu ya chiwindi adailandira pa nthawi yake.

Pa msonkhano wa ogwira ntchito umene udatsatira, mayi amene kale sankatsegula pakamwa adaimirira napempha zinthu zitatu: magolovesi okhuthala ofika m'chigongono, bokosi la singano m'chipinda chirichonse chobayira, ndi kuti chikalata cha pakhoma chija chilembedwenso m'Chichewa. Magolovesi ndi mabokosi zidabwera mwezi womwewo. Chikalatacho tidachimasulira ine ndi namwino Loweruka lina masana, ndipo mayiwo ndi amene adasankha pochimata: pakhomo la kachipinda kosungiramo matsache ndi ndowa.